Mwana wanzeru nayenso amatopa: zoyenera kuchita pa sukulu za sekondale zotchuka muno mu Zomba

Muno mu Zomba mwana wa sukulu sangaiwale za mayeso ngakhale atafuna. Likulu la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, lili momwe muno. Akatsikira m'tauni amakumana ndi ophunzira a pa Chanco akuchokera ku Chikanda zikwama zili kumsana, ndipo kwawo anamuuza kale kuti "iwenso tidzakuone pamenepo". Akakhala kuti anasankhidwira ku sukulu ya dzina ngati Zomba Catholic (Box 2), St Mary's kapena Malosa, mudzi wonse umadziwa, ndipo mudzi wonsewo ukudikira.

Ndaphunzitsa pa sukulu yogonera konko kwa zaka zambiri, nthawi yochuluka ndikuyang'anira kalasi ya Fomu 4. Chimene ndinachedwa kuchizindikira n'chakuti mwana amene nkhawa imamudya kwambiri si uja wokhala kumbuyo wosalabadira za sukulu. Ndi uja amene ku pulayimale sankatsika pa nambala wani. Wafika kuno wapeza kuti aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo, teremu yoyamba yomwe iye n'kutuluka nambala 27. Sasokosa, sathawa prep, yunifolomu yake ndi yochapa bwino, choncho palibe amene amamuyang'ana kawiri. Amangowonda, mutu kumamupweteka tsiku ndi tsiku, usiku kumalirira m'bulangete.

Zimene ndalembazi ndi za aphunzitsi anzanga, a matroni, a boarding master ndi makolo. Ndaziika m'ndondomeko imene ndinaona kuti imagwira, ndipo ndikupempha kuti musadumphe choyambacho.

Choyamba: werengani maola amene ana akugona

Musayambe ndi kuitana mlendo kuti adzawalankhule za nkhawa. Tengani pepala, itanani mapulifekiti a kuhositelo awiri kapena atatu, muwatsimikizire kuti palibe amene alandire chibalo, ndipo akufotokozereni mmene tsiku la mwana wa Fomu 4 limayendera zenizeni, osati mmene linalembedwera ku ofesi. Prep imatha nthawi yanji? Magetsi akazima ndi angati amapitiriza ndi tochi? Ndi angati amadzuka 3 koloko m'bandakucha? Nditachita zimenezi koyamba ndinapeza kuti ena ankagona maola 4 okha. Ena ankaviika mapazi m'ndowa ya madzi kuti tulo tisawagwire, mu June momwe, chiperoni chikutsika m'phirimu.

Akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Si ulesi ayi. Zimene mwana wawerenga masana, ubongo umazisanja ndi kuzikhazikitsa iye ali m'tulo. Wowerenga osagona ali ngati wotunga madzi ndi dengu, wachezera pachitsime koma kunyumba wafika chimanjamanja. Kusagona kumaikanso mtima m'mwamba, kanthu kakang'ono n'kumuliza kapena kumupsetsa mtima.

Ndiye chitani chonchi. Onani nthawi imene belu lodzutsa limalira, mubwerere m'mbuyo maola 8, imeneyo ndiyo nthawi yozimitsa magetsi. Ngati belu limalira 5 koloko, pofika 9 koloko usiku aliyense akhale ali pabedi. Makalasi azikhomedwa usiku, makiyi azikhala ndi mphunzitsi wa pa duty. A Fomu 4 asapatsidwe chilolezo chapadera, chifukwa ndi iwowo amene akufunika tulo kuposa onse. Khofi, tiyi wowawa ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zisamwedwe madzulo, poti pakatha maola pafupifupi 5 theka la kafeini limakhala likadali m'thupi.

Apa ndi pamene pamavuta, ndikudziwa. Ambiri a ife tinakhoza ndi njira yomweyo ya tochi ndi ndowa, ndipo timaikhulupirira. Koma tikumbukirenso anzathu amene tinkadzuka nawo limodzi m'bandakucha, tsiku la mayeso mutu n'kuwaima. Ngati ahedi akukayika, apempheni masabata atatu okha oyesera, muone ngati ogona m'kalasi ya masana achepe. Ndipo tisiye kutamanda pa asembule mwana "amene sagona", chifukwa ana amatsata zimene timayamikira kuposa zimene timalamula.

Chachiwiri: musawalande maola osawapatsa njira ina yowerengera

Mukangowagoneka msanga osasintha china chilichonse, mantha awonjezeka, aona ngati mwawabera nthawi. Sabata yomweyo aphunzitseni kawerengedwe kopindula.

Ana ambiri amati akuwerenga pamene akungoyendetsa maso pa notsi, tsamba lomwelo kasanu. Tsambalo limayamba kuoneka lozolowereka, iwo n'kumayesa kuti alidziwa. Kale mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene munthu waloweza zimathawa mofulumira m'maola ndi m'masiku oyamba, ndipo chimene chimazigwira ndi kubwereranso kwa izo patapita nthawi. Musangowauza zimenezi, chitani nawo m'kalasi. Awerenge mutu umodzi, tinene kayendedwe ka magazi mu Biology, kwa mphindi 20. Atseke kope. Alembe papepala zonse zimene akukumbukira, ajambule mtima ndi zipinda zake zinayi. Kenako atsegule kope lija, aone zimene zasowa, azilembe ndi cholembera cha mtundu wina. Mawa lake abwereze kwa mphindi 5, pakatha masiku atatu abwerezenso, kenako pakatha sabata. Poyamba amadandaula kuti njirayi ikuwaonetsa umbuli wawo. Auzeni kuti ntchito yake ndi yomweyo, kuli bwino dzenje lioneke mu February kusiyana ndi kukaligwera mu holo ya mayeso.

Prep muidule zigawo, mphindi 40 kuwerenga, mphindi 5 kapena 10 kuimirira, kudziongola ndi kumwa madzi. Kamodzi pa sabata alembe pepala lakale la MANEB wotchi ili pakhoma, kuti thupi lizolowere kuthamangitsana ndi nthawi. Magulu okambirana akhale a anthu anayi kapena asanu, aliyense azifotokozera anzake mutu wina, ngakhale m'Chichewa ngati ndi mmene akumvanirana.

Nafenso aphunzitsi tili ndi mlandu wathu, aliyense amaona ngati phunziro lake ndi lokhalo pa sukulupo. Khomani kalendala imodzi mu ofesi ya aphunzitsi. Wofuna kupereka test azilemba pamenepo, ndipo kalasi imodzi isalembe ma test oposa awiri pa tsiku. Nthawi ya mapemphero, kaya ndi Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu, isalandidwe ndi makalasi owonjezera.

Chachitatu: sinthani kalankhulidwe ka mapointi

Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Amawonkhetsa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, choncho wopambana kotheratu amapeza mapointi 6. Pa sukulu zathu zotchukazi nambala imeneyi yasanduka nyimbo ya m'mawa ndi madzulo, mpaka mwana wopeza mapointi 14 amayenda chogwetsa nkhope, pamene kwawo zotsatira zimenezo n'zophera nkhuku.

Ndikukumbukira mtsikana wina amene dzina lake linawerengedwa pa asembule pakati pa otsalira pa mayeso a mock. Palibe amene anamunyoza poyera. Koma sabata yonse sanapite ku dining, ndipo tinadziwa pokhapokha atakomoka. Kuyambira pamenepo ndimakana mchitidwe wowerenga otsalira pagulu, ndi womata maina onse pabolodi kuyambira woyamba mpaka womaliza. Mwana aliyense azilandira pepala lake m'manja. Ngati mukufuna kutchula maina, tchulani amene akwera kuchoka pamene anali, ngakhale kuchoka pa 8 kufika pa 6 m'Masamu.

Mock ikatha, pezani mphindi 5 za mwana aliyense payekha. Mufunseni zitatu zokha: chayenda bwino n'chiyani, chakuvuta n'chiyani, sabata ino uyamba ndi chiti? Achoke ndi ntchito imodzi m'manja, osati khumi. Kalasi yaikulu imatenga masiku angapo, koma mudzamva zinthu zimene simukanazimva zaka zonse zinayi.

Aonetseninso kuti zitseko n'zambiri. Kuti munthu aganiziridwe ku mayunivesite a boma amafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kupatula University of Malawi kuli MUBAS, KUHeS, MUST, LUANAR ndi Mzuni. M'boma lathu lomwe lino muli Domasi College of Education, nthambi ya Malawi College of Health Sciences, sukulu ya anamwino ya St Luke's ku Malosa, ndi ya ntchito zamanja ya Nasawa. Mukamaitana amene anaphunzira pa sukulupo kuti adzalankhule, musamangoitana madokotala ndi maloya. Itananinso amene anabwereza Fomu 4 lero ali pabwino. Mwana amene akuona chitseko chimodzi chokha ndi amene manja amamunjenjemera pogwira pepala.

Chachinayi: thupi lisaiwalike

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku. Ife mayeso akayandikira timayamba ndi kuletsa a Fomu 4 mpira, zomwe ndi kutseka pamene nthunzi imatulukira. Mpira wa miyendo, wa manja, kwaya, magule, zonsezi zipitirire. Kamodzi pa teremu atulutseni, tili ndi phiri pakhomo. Kuyenda mpaka ku damu la Mulunguzi kapena ku Williams Falls, ngakhale kungokakhala ku Botanical Gardens masana amodzi, sikufuna galimoto kwa sukulu za m'tauni muno. Onetsetsani kuti akumwa phala m'mawa m'malo mothamangira m'kalasi ndi njala. Ndipo mwana wofooka nthawi zonse apite kaye kuchipatala akamuyeze malungo ndi kuchuluka kwa magazi, tisanathamangire kunena kuti ndi maganizo.

Chachisanu: pakhale munthu womvetsera, ndi malo ake

WHO imanenanso kuti pa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. M'kalasi ya ana 50 ndiye kuti alipo ngati 7, ndipo sakhala ndi chizindikiro pamphumi.

Sukulu zambiri zili ndi mphunzitsi wa uphungu, koma nthawi zina amakhala yemweyo wopereka zibalo. Ndani angakaulule zakukhosi kwa munthu amene dzulo anamukumbitsa dzenje? Apatseni ana timapepala, alembe mosasaina dzina la mphunzitsi amene angamasuke naye. Sankhani awiri, wamkazi ndi wamwamuna, muwachepetsere ntchito zina, ndipo ana adziwe masiku ndi nthawi imene angawapeze.

Malo ake asakhale mu ofesi ya aphunzitsi mmene aliyense akutchera khutu. Ku Zimbabwe, dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, mmene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa chipatala kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Benchi pansi pa mtengo, poonekera koma posamveka, n'lokwanira.

Kumvetserako kuli ndi kachitidwe kake. Yambani ndi zimene mwaona: "Mwanawe, ndaona masiku ano sukudya, wangoti zii. Chikukusautsa n'chiyani?" Akayankha kuti "palibe, madamu", musaumirize, khalani naye chete pang'ono, mumuuze kuti mawa mulipo nthawi yomweyo. Akayamba kulankhula musamudule ndi nkhani ya mmene inu munavutikira kale, ndiponso musanene kuti "anzako akuvutika kuposa iwe". Akatha, sankhani naye vuto limodzi loti muyambe nalo. Kawirikawiri si Physics konse. Ndi ndalama za kuhositelo zimene sizinakwane, makolo amene akulekana, mayi odwala kumudzi, chibwenzi, kapena kwa a Fomu 1, kuzunzidwa ndi akuluakulu m'dzina la teasing. Muuzeni poyambirira kuti nkhani yake muisunga, kupatula ngati moyo wake uli pachiswe kapena wina akumuchitira nkhanza. Ndipo muisungedi. Nkhani imodzi ikangomveka mu ofesi ya aphunzitsi, benchi lija likhala lopanda munthu mpaka chaka kutha.

Anyamata muwalondole nokha. Anakula akumva kuti mwamuna salira, choncho nkhawa yawo imatulukira m'ndewu, m'kudumpha mpanda, mowa kapena chamba. Chilango chikhalepo, koma funso lija lifunsidwenso.

Chachisanu ndi chimodzi: lankhulani ndi makolo

Kholo lagulitsa chimanga, mbuzi, mwina kubwereka ku banki m'khonde kuti mwana akhale pa sukulupo. Likamafunsa kuti "wakhala nambala chani?" ndi chikondi ndithu. Koma mwana amamva ngati ngongole imene sadzatha kubweza. Pa msonkhano wa PTA patulani mphindi 20 za nkhani imeneyi yokha, m'Chichewa, popanda kuloza wina chala.

Makolo anzanga, mukamaimba foni kapena kubwera tsiku loona ana, yambani ndi "uli bwanji mwananga, ukudya, ukugona?" Za magiredi zibwere pambuyo, ndipo tsiku lina zisabwere n'komwe. Pewani mawu akuti "banja lonse likudalira iwe" ndi akuti "taona mwana wa a uje". Mwana wa zaka 17 sangasenze banja pamutu kwinaku akuwerenga Chemistry. Ngati ndalama zavuta, kalankhuleni ndi ahedi inu nokha, musamutume mwana kukapepesa. Pa holide, sabata yoyamba apume, agone, apite kumunda kapena kwa agogo, za part-time zibwere pambuyo ngati zikufunikadi. Ndipo ngakhale kamodzi kokha, mayeso asanayambe, muuzeni momveka kuti zivute zitani pakhomo ndi pake. Ambiri timayesa kuti ana amadziwa kale zimenezi, koma ndakhala nawo pabenchi ana amene sankadziwa.

Chachisanu ndi chiwiri: dziwani pamene nkhani yaposa mphunzitsi

Mantha apang'ono mayeso akayandikira ndi achibadwa, amathandizanso munthu kukhala tcheru. Chodetsa nkhawa ndi pamene kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwana sakugona kapena akungogona, wasiya kudya, wasiya zimene ankazikonda, akudzipatula, akulira pafupipafupi, kapena magiredi agwa mwadzidzidzi. Choopsa kwambiri ndi mawu ngati "bola kungofa", "ndine mtolo kwa makolo anga", kugawa katundu wake kwa anzake, kapena mabala odzicheka.

Mukaona zotere mufunseni mosazungulira, mofatsa: "Kodi umaganizako zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamusiye yekha, musamukalipire kapena kumulalikira za tchimo. Chotsani mankhwala ndi china chilichonse choopsa pafupi naye, dziwitsani ahedi ndi makolo tsiku lomwelo, mupite naye kuchipatala. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Chipatala chachikulu cha Zomba Central chili pompano, ndipo Zomba Mental Hospital, kumene odwala maganizo a m'dziko muno amatumizidwa, ili m'tauni momwe muno. Dzina la chipatalachi limaopsa makolo, choncho afotokozereni kuti kukaonana ndi dokotala wa maganizo si misala. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene bungwe la YONECO la konkuno limayendetsa. Ilembeni pakhoma la hositelo iliyonse. Pemphero lipitirire, abusa, ansembe kapena a shehe abwere, koma kuchipatala apitebe.

Mwanayo akabwerera kusukulu, gwirizanani naye zimene anzake auzidwe, ndipo mumuchepetsere ntchito masabata oyamba.

Chomaliza: nyengo ya mayeso ndi tsiku la zotsatira

Sabata yomaliza musaphunzitsenso mutu watsopano. Chenjezani ana za likasa loyenda pa WhatsApp. Kupatula kuti ndi mlandu, limawachezetsa usiku kuloweza mayankho a mafunso amene mwina sabwera, ndipo akumbutseni kuti mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kudzalembanso mu January 2021.

Aphunzitseni kupuma kokhazika mtima pansi masabata angapo mayeso asanafike, kuti azolowere. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga chamumtima mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Mutu ukaima mu holo, aike cholembera pansi, apume chonchi, ayambe ndi funso limene akulidziwa. M'mawa wa mayeso kumazizira kuno, adye chotentha, avale juzi. Akatuluka, aletseni kuunjikana pakhomo kufunsana mayankho, chifukwa pamenepo ndi pamene pepala la mawa limawonongekera. Mphunzitsi mmodzi aziima panja kuyang'ana amene watuluka akulira, ayende naye pang'ono, amwe naye tiyi.

Tsiku limene MANEB yatulutsa zotsatira, okhoza bwino adzakuimbirani okha. Inu tengani kaundula wa kalasi, muyambe kuimbira amene sanakuimbireni. Mufunseni ali kuti, ali ndi ndani, wadya kapena ayi. Lankhulaninso ndi kholo lake. Musanadule foni, gwirizanani tsiku loti abwere kusukulu, mudzaone limodzi za kulembanso kapena za mafomu a makoleji.